Mwana Wosatengedwa pa Bwalo la Chimtali

Inu ana, popeza ndikamalankhula maso anu amakhala pa foni, ndaganiza zongolemba. Mwina mudzawerenga ine nditapita, pofufuza ngati dimba lija ndinasiyira wina wa inu. Sabata yatha iwe Tadala unandijambula ndikuyasamula, n'kutumiza chithunzicho kwa abale a ku Joni ndisanatseke n'kukamwa komwe. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitse. Ndiye lero ndikuuzeni za kujambulidwa kwa nthawi yathu, ndi za bambo ako Yohane, amene enanu mumati amalume, ali kakhanda kofiira.

Kale kujambulitsa unali ulendo. Kuchokera kuno ku Chisepo tinkapita ku Mponela, agogo anu aamuna akupalasa njinga, ine ndili pakaliyala, diresi nditalisita ndi simbi ya makala n'kulikulunga m'nyuzipepala. Ndinkakavalira kuseri kwa sitolo, chifukwa fumbi la msewu umenewo linkasandutsa munthu chulu. M'nyumba yojambuliramo munali nsalu yopentedwa nyumba zosanjikizana, wotchi yobwereka imene inaima kalekale, ndi telefoni yopanda chingwe. Osati ngati zanuzi, imeneyo chingwe chake chinadyedwa ndi makoswe. Amalume anga ena, amene anafa asanamvepo mawu a munthu mu telefoni, anajambulitsa ataigwira kukhutu, nkhope ili gwa ngati akulamula boma. Aliyense ankafuna aoneke wa m'tauni. Wopanda nsapato ankabwereka, ngakhale zomupana.

Ine zobwereka sindinkazifuna. Ndinali ndi nsapato zangazanga zakuda, magalasi a m'maso, ndi satifiketi ya uphunzitsi yochokera ku koleji, itapachikidwa m'felemu moyang'ana khomo kuti mlendo asavutike kuifunafuna. Ndinakulira pa mishoni, bambo anga anali mlaliki. Ng'oma ikalira kumudzi, kwathu tinkatseka mazenera n'kutsegula buku la nyimbo. Chiuno changa chinaleredwa kuti ntchito yake n'kukhala pabenchi basi. Pa masiku a chipani amayi anzanga akamavina, ine ndinkadzipezera ntchito yoimika ana a sukulu pamzere. Amayi a m'mudzi ankanditchula kuti Dona, ndipo sankatero pondilemekeza.

M'kalasi ndinkaphunzitsa zaukhondo. Ndinkalemba pabolodi magulu atatu a zakudya, n'kuwauza ana mokweza kuti khanda likatupa miyendo ndiye kuti likusowa chakudya choyenera, za tsempho n'zaumbuli. Mawuwo ankamveka mpaka muofesi ya ahedi, a Mwale, amenenso anali mkulu wa mpingo, ndipo ankandiyamikira.

Kenako ndinabereka Yohane, nzeru zonse n'kutsalira m'felemu muja.

Amayi anga, aNankhoma, anabwera kudzandisamalira. Mwana atangotuluka chikuta anandiitanira kuchipinda.

"Mwanayu sanatengedwe. Mpaka bambo wake adzabwere, asagwidwe ndi munthu wotentha. Wamva?"

Inu a masiku ano mwina mukuganiza za malungo. Ayi. Munthu wotentha ndi amene masiku amenewo akugona ndi mwamuna wake kapena mkazi wake. Iwe Tadala usaseke, wakula. Khanda ndi lozizira, ndipo akuluakulu ankati wotentha akaligwira limatsempheka: limatupa, limatsokomola, limanyentchera, mapeto ake n'kumanda. Chimene chimalilimbitsa ndi mwambo wa kutenga mwana, umene amachita bambo ndi mayi ake awiriwiri. Zambiri kafunseni kwina. Vuto linali lakuti agogo anu aamuna anali ku Lilongwe, kalaliki pa ntchito yomanga mzinda watsopano, ndipo tchuthi ankangochilonjeza.

"Amayi," ndinatero ine wa satifiketi, "zimenezo n'zachikunja."

"Eya," anayankha. "Nawenso ndinakusunga mwachikunja chomwecho, m'nyumba ya mlaliki. Onatu wafika mpaka ku koleji."

Ndinaseka. Koma ndikuuzeni zoona, kuyambira tsiku limenelo sindinapatsenso munthu mwana wanga. Mayi akabwera kudzaona khanda ndinkamuyang'ana ngati wapolisi, ndikufufuza m'mutu ngati mwamuna wake ali pakhomo kapena ali kumigodi. Akangotambasula manja, ine msangamsanga bere m'kamwa mwa mwana. Yohane anayamwa kuposa mwana aliyense mu Dowa muno, osati chifukwa cha njala koma chifukwa cha alendo. M'mawa uliwonse ndinkadina kaphazi kake ndi chala kuona ngati katupa. Ndikamawiritsa matewera m'chitini, pakuti ife tinkawiritsa, sitinkataya ngati inu olemera, khutu limodzi linali kuchipinda, kumvetsera ngati watsokomola.

Inali nyengo ya mphepo ya fumbi, fodya atagulitsidwa, mapiri a ku Ntchisi akungooneka chizimezime mu utsi wa lupsa. Amayi anga anali atapita kumaliro kwawo ku Nachisaka. Ndikuyanika matewera, ndinangoona a Kamphonje, tcheyamani wa chipani wa dera lathu, atulukira ndi anyamata awo a malaya ofiira.

"Odi aphunzitsi! Boma lakukumbukirani."

Nthawi imeneyo mawu oterewo sankamusangalatsa munthu.

Anati mawa lake kubwera mlendo wa boma, mzungu, kudzajambula amayi akuvina chimtali, kuti anthu a kunja aone chikhalidwe chathu. Womasulira wake anali atadwalira ku boma ku Dowa, ndiye pankafunika wodziwa Chingerezi.

"Nanga ahedi?" ndinafunsa.

"A Mwale pakhosi pawagwira, kuyambira pamene amva kuti nkhani yake ndi ya ng'oma."

"Ine ndili ndi khanda, a tcheyamani."

"Khadi ya chipani ali nayo?"

"Munamudulitsa nokha ali m'mimba."

"Ndiye ndi membala. Membala sajomba pa msonkhano wa boma. Abwere."

M'mawa mwake ndinabereka membala wanga kumsana, ndinavala diresi ndi nsapato, n'kupita pabwalo, pansi pa mkuyu waukulu umene munaupeza utagwa kale. Amayi a m'mudzi anali atafika. Mukanawaona! Anasamba, anadzola mafuta a nsatsi, anamanga maduku, ena ambulera m'manja. Popeza anamva kuti n'zojambulitsa, aliyense anabwereka nsapato za pulasitiki, zija tinkati sofiya. Onse anavala nsalu ya chipani, ya nkhope ya Mtsogoleri.

Galimoto inafika dzuwa litakwera. Munatuluka mzungu wofiira ngati phwetekere, wa kabudula ndi masokosi ofika m'maondo, makamera akulendewera m'khosi. Akafuna kuyang'ana chinthu ankatsinzina diso limodzi, ndiye asanapereke n'moni womwe amayi anali atamutcha kale Disolimodzi.

Anayang'ana amayi aja, nkhope n'kugwa. Anati nsapato zichoke. Ambulera achoke. Maduku achoke. Aliyense asunthire uko, chifukwa kumbuyo kukuoneka malata a sukulu, iye akufuna nyumba za udzu. Ine ndikumasulira. Sofiya zinaunjikidwa pansi pa mkuyu ngati pamsika, eni ake akuziyang'ana mwachisoni. Anthu ayenda mudzi wonse kubwereka, lero auzidwe kuti umphawi wawo ndiye wokongola.

Kenako analoza nsalu za chipani, nati zikuwononga chithunzi, zichoke.

Ana inu, ndinaona ndende ndi maso angawa.

"Bwana akuti chiyani?" anafunsa a Kamphonje.

"Akuti nkhope ya Mtsogoleri ndi yolemekezeka, isadetsedwe ndi fumbi la pabwalo. Tiipinde bwinobwino, ikhale pamthunzi."

A Kamphonje anagwedeza mutu. "Mwamva inu amayi? Mzungu akudziwa ulemu kuposa inu!"

Amayi anathamangira kunyumba kukavala nsalu zawo zopitira kudimba.

Wotsogolera gule anali Nambewe, mkazi wa chiuno chomva ng'oma ngati chili ndi makutu akeake. Anali ndi wezulo wake wachitsulo, woimitsira ndi kutembenuzira gule. Disolimodzi anati wezulo si wachikhalidwe.

"Chimtali chopanda wezulo?" anatero Nambewe. "Dona, mufunseni ngati wabwera kudzajambula maliro."

Sindinamufunse. Nambewe anaponya wezuloyo pachifuwa, m'kati mwa nsalu.

Ng'oma zinayamba. Koma zikangotentha, gule akangoyamba kukoma, mzungu dzanja m'mwamba: imani! Ankati anthu akamagwedezeka chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Ndiye amayi aime chilili, mwendo m'mwamba, mano pamtunda, oimba ng'oma manja ali m'malere, iye akuzungulirazungulira ndi diso lake limodzi. Akatha, yambaninso. Zikatentha, imaninso. Kumeneko kunali kuvina kwa zidole zosema. Gogo wina anafunsa ngati kwawo kwa mzunguyo nsabwe nazo amazigwira zitaima.

Patapita nthawi Disolimodzi anakanda mutu, nati pali chimene chikusowa. Anayang'ana uku ndi uku. Diso lija linadzaima pamsana panga. Anamwetulira. Anati mkazi wa ku Afirika amavina ndi mwana kumsana, ndiye khanda ilo limasulidwe, alibereke wotsogolerayo.

Sindinamasulire. Koma iye analoza Yohane, n'kuloza msana wa Nambewe, ndipo chala sichifuna womasulira.

"Mwamva, aphunzitsi," anatero a Kamphonje. "Perekani mwana."

Nambewe anayandikira, koma anaimira patali pang'ono, manja atawabisa kumbuyo.

"Dona, mwanayo anatengedwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Mayo ine! Ndiye musayerekeze. Ine ndakwatiwa mwezi wathawu. Mwamuna wanga ndi uyo ali pa ng'oma yaikuluyo, muoneni nokha mmene alili. Ine pano ndine mbaula."

Amayi anaseka, koma akuseka choncho onse anabwerera m'mbuyo.

"Chikuchedwetsa n'chiyani?" anakalipa a Kamphonje.

"Mwana sanatengedwe, a tcheyamani," anatero Nambewe.

A Kamphonje ankadziwa. Anali ndi zidzukulu. Koma anayang'ana mzungu, anayang'ana anyamata awo a malaya ofiira, n'kukweza mawu.

"Zachikale zimenezo! Dziko likutukuka, inu mukuti chiyani? Mlendo wa boma wapempha. Amene akukana anene poyera kuti akukana boma."

Mwaonatu. Tsiku lonse takhala tikuvula nsapato pofuna chikhalidwe, ndipo chikhalidwecho chitabwera chokha, a tcheyamani akuti n'chachikale.

Ndinaima pamenepo thukuta likuyenderera m'magalasi. Ndimufotokozere mzungu? Ndiyambire pati, nkhani za kuchipinda, pamaso pa amuna, m'Chingerezi cha ku koleji chimene chinkangodziwa za mitsinje ndi magulu a zakudya? Komanso uko kumpanda wa sukulu, pansi pa bulugama, kunali kutaima a Mwale. Pakhosi ndiye panadwala, koma maso ndi makutu zinali bwinobwino. Mphunzitsi wa pa mishoni avomere poyera kuti amaopa tsempho? Ndikane? Galimoto ija inali ndi malo kumbuyo, ndipo tinkadziwa anthu amene anakwera galimoto zotero osabwerako. Ndipereke mwana? Ndinamva kampweya kake kofunda pakhosi panga, ndipo ndinadziwa kuti chimenecho chokha sindichita, kaya satifiketi ikuti chiyani.

Ndinawerama n'kuvula nsapato.

Ndinamuuza mzungu kuti mwanayu amalira akaberekedwa ndi wina, ndiye pamalo a wotsogolerayo ndiimapo ndine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati magalasi achoke, diresi libisike.

"Dona avina!" anakuwa mayi wina. "Itanani ana adzaone, mawa kugwa matalala!"

Gogo uja wa nsabwe, wamasiye wa kalekale, wozizira ngati mtsuko, ndiye anandimanga nsalu pachifuwa ndi m'chiuno, n'kukonza Yohane kuti mutu uoneke. Magalasi atachoka, dziko lonse linasanduka phala. Mapazi anga, amene anali asanapondepo dothi chichokere ku koleji, anapeza minga yonse ya pabwalopo.

"Nambewe," ndinanong'ona, "ine sindidziwa kuvina."

"Ndani wavina lero? Apa tikungoima. Kuima mumatha, si paja mumaima m'kalasi?"

Anatola phesi la chimanga, poti sakanandikhudza ndi dzanja mwana ali pamsana, n'kuyamba kundiwongola nalo ngati ng'ombe ya pangolo.

"Chiunochi chipite uko. Ayi, Dona, chiuno, osati phewa. Kodi anakuikani thabwa? Pindani maondo. Mkono m'mwamba. Sekani. Abale, kuseka nakonso mpaka satifiketi?"

Mzungu anati amayi ena andiyandikire. Anasuntha pang'ono ngati chala. Anakuwanso kuti ayandikire. Anasunthanso ngati chala. Onse anali apabanja, ndipo panalibe wofuna kuti mawa adzatchulidwe dzina mwana akadzatsokomola. Mapeto ake ndinatsala ndekha pakati, iwo atandizungulira patali. Disolimodzi analumpha ndi chimwemwe. Anati waona tsopano mmene amayi amalemekezera mfumukazi ya gule. Anajambula, anajambula, mpaka mwendo wanga unachita dzanzi.

Chithunzicho ndinadzachiona chaka chinacho pa kalendala, m'sitolo ina ku Mponela. Pansi pake analemba m'Chingerezi kuti mayi wa kumudzi, katswiri wa gule wa makolo ake. Nambewe ankangooneka chigongono. Mwini sitolo anandifunsa ngati ndikumudziwa mayiyo, ine ndinati anthu a kumudzi ndi ambiri.

Koma tibwerere pabwalo. Mzungu anatsekera makamera ake m'bokosi. Ine mtima unayamba kutsika, ndikuti zatha. Ndiye ndinaona chinthu chofiira chikubwera, pakuti popanda magalasi ndinkangoona mitundu. Anali Disolimodzi, akuseka, dzanja atatambasula kuti atsine tsaya la Yohane pothokoza. Ndipo pa chala chake china chake chinkanyezimira. Mphete ya ukwati.

Kumbuyo kwanga kunali a Kamphonje. Kothawira kunalibe. Mlendo wa boma sungamumenye dzanja.

Wezulo analira.

Sindidziwa kuti Nambewe anamutulutsa nthawi yanji. Mwamuna wake anagwetsa manja pa ng'oma ngati wakhala akudikira chaka chonse. Amayi anayambitsa nyimbo, ndipo mwa nyimbo zonse anasankha yotamanda chipani, imene ngakhale a Kamphonje sakanayerekeza kuidula. Mzere wa amayi unadutsa pakati pa ine ndi dzanja lija ngati mtsinje wosefukira. Mzungu anabwerera m'mbuyo, fumbi lili m'kamwa.

"Yendani, Dona!" anakuwa Nambewe. "Mukaima akupezani!"

Ndinayenda. Bwalo linkazungulira, ine ndili m'kati, kutsogolo kwanga mpata, kumbuyo kwanga mpata, wopanda wondikhudza. Mzungu akasunthira uku, gule ankanditengera uko. Poyamba ndinkangothawa. Koma ng'oma ikakhala kumbuyo kwako, mapazi amayamba kugwa pamene iyo yagwa. Sindikuuzani kuti ndinavina bwino. Nambewe anadzandiuza kuti ndinkaoneka ngati nkhuku yoponda pamoto. Koma thabwa lija linasweka penapake, ndipo ndinamva nthungululu, ndipo Yohane, amene phokoso la supuni linkamudzutsa, anagona tulo. Chimenecho ndiye chinali chimtali cha kwathu, cha fumbi ndi wezulo ndi thukuta. Makamera anali m'bokosi. Mzungu anayang'ana wotchi yake, nakwera galimoto.

Nditafika kunyumba ndinamasula mwana, ndinadina kaphazi, ndinadina kenanso. Kenako ndinakhala pansi n'kulira ngati wofedwa. Musandifunse ngati tsempho lilipodi. Mpaka lero m'mutu mwanga mumakhala mphunzitsi, mumtima mumakhala aNankhoma, ndipo awiriwa sapatsana moni.

Lamlungu lake mapemphero atatha ndinaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo. A Mwale pakhosi panali patapola.

"Mayi," anatero, "kuima pabwalo paja tamva, linali lamulo la boma. Koma mlendo atatseka bokosi lake, inu munavina. Analamula ndani?"

"Palibe, abambo."

"Mkristu, mwana wa mlaliki, mphunzitsi wa ana athu. Chinakugwirani n'chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Kuvina unali mlandu waung'ono poyerekeza ndi chifukwa chake. Anandidula pa Mgonero mpaka nditadzaonetsa kulapa, ndipo anati ndithokoze kuti ntchito andisiyira.

Akulu ena atatuluka, a Mwale anatsalira akukonza mabuku. Ine ndikumanga mwana kuti ndizipita, anakhosomola.

"Mayi."

"Abambo."

Anayang'ana kukhomo kaye, kenako anatsitsa mawu.

"Pa bulugama paja sindinkaona bwino chifukwa cha fumbi. Mzungu uja, mwanayu anamukhudza?"

"Ayi, abambo."

"Ngakhale chala?"

"Ngakhale chala."

Anapuma mpweya wautali, n'kukhala pabenchi.

"Ambuye alemekezeke," anatero. Anatambasula dzanja kuti asisite mutu wa Yohane, monga ankachitira ndi ana onse a mumpingo. Dzanjalo linaima m'malere. Analiyang'ana, n'kulibweza m'thumba la jekete.

"Pitani, mayi. Ndipo bambo wakeyo muwauze abwere msanga."